Pakuda Pamene Ama Ankakhudza

Ama anayamba ndi kuiwala mchere. Kenako anaiwala njira ya ku tchalitchi, njira imene anayenda kuyambira ali mtsikana. Bambo wina wa kabaza anawapeza ataima m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika wa pa Chintheche, atavala yunifolomu yawo ya amayi a mpingo, akufunsa anthu kuti belu lalira mbali iti. Chaka chimenecho chisanathe, mayina a adzukulu anali atapita. Ine anandisunga m'mutu chifukwa ndinkagona nawo nyumba imodzi, komabe masiku ena ankandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinkavomera. Ukawatsutsa ankalira, ndiye ukanatani?

Chimene chinkandidya mtima chinali cha achimwene. Tinabadwa awiri, iwo ndi ine. Iwo anapita ku Joni monga amapitira amuna a kwathu kuno, ndipo mapepala awo sanali olongosoka, moti ankati akangotuluka m'dziko limenelo sadzalowanso. Zaka zinadutsa choncho. Chaka chilichonse ankati Disembala ikubwerayi ndibwera, Disembala n'kufika, n'kupita, ife tikungolandira mabulangete pa basi. Koma chaka chimenecho analumbira. Anati amva mmene Ama alili, ndipo abwera ngakhale ntchito ithe. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku limene adzafike pakhomo, Ama adzawadziwe.

Mwina mukuti, bwanji osangoimba foni? Ankaimba. Koma achimwene anga, abale inu, sadziwa kucheza ndi wodwala. Ankayamba ndi mafunso ngati mphunzitsi wa sitandade wani. "Ama, mukundidziwa? Ndine ndani? Tchulani dzina langa." Ama ankandiyang'ana ine maso ali mwaa, kenako n'kukankhira foniyo kutali. Ndinawauza achimwene kuti asiye mayeso awowo. Anati ndikuwalamulira.

Ine ndimagwira ntchito pa risepushoni pa loji ina ya kumbali ya Makuzi. Miyezi ya mvula alendo amachepa, intaneti ndi yaulere, ndiye m'malo mowodzera ndinayamba kuphunzira kupanga timapulogalamu ta pafoni, tija timangoti apu. Musandiyese katswiri. Ndinali nditapangapo ka apu kamodzi koonetsa zakudya za pa loji, ndipo nakonso kankafa ukakadina kawiri. Koma nzeru inandibwerera. Ndinati ndipange apu yokhala ndi chithunzi chimodzi basi, yopanda mabatani, yopanda zolembalemba. Ama akakhudza nkhope ya munthu, munthuyo aziyankhula. Osafunsa funso ayi, azingodzitchula n'kupereka moni.

Chithunzi chinalipo. Chinajambulidwa tsiku la malipenga, chaka chomaliza achimwene asanapite. Tonse tili pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo. Pakati pali Ama pampando, pambali pawo azakhali, mlongo wa malemu Ada, bambo athu, amene amakhala nyumba yoyandikana nafe ndipo ndi amene ankayang'anira Ama ine ndikapita ku ntchito. Kumbuyo kwa mpando kwaima alamu, mkazi wa achimwene. Kumbuyo kwa alamu ndiye achimwenewo, aatali kuposa tonse, atavala zoyera mbuu za malipenga, lipenga lawo la chipanda lili m'manja, mutu utatsala pang'ono kudulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi. Ine ndi ana takhala pansi pa mkeka kutsogolo.

Ndinapempha aliyense kuti anditumizire mawu ake. Alamu, amene anali atatsatira mwamuna wawo ku Joni, anatumiza tsiku lomwelo, ataliatali ngati ulaliki, moti ndinachita kudula. Achimwene ndinachita kuwakumbutsa mpaka kutopa. Atatumiza, anali mawu ochepa, m'Chitonga chathu chimene timayankhula pakhomo: "Ama, ndini mwana winu. Nde umampha." Ndiko kuti, ndine mwana wanu, ndili bwino. Kenako anatchula dzina lawo, n'kunena kuti Ama asadandaule, abwera. Kumbuyo kunkamveka galimoto zikudutsa. Nditamva ndinalira pa risepushoni pomwepo, mnzanga wa ku Mulanje n'kumandifunsa ngati wina wandisiya chibwenzi.

Ntchito yake inali yotere. Pa nkhope iliyonse ndinaika kabwalo kosaoneka, n'kuuza apu kuti kabwalo aka kali chakuti kuchokera pamwamba, chakuti kuchokera kumanzere, ndipo chala chikagwera m'menemo iyimbe mawu a uje. Ndinayesera pa kompyuta ya ku ntchito, imene sikirini yake ndi yopingasa ngati chithunzicho. Chithunzi chinadzaza malo ake onse. Ndikadina Ama, Ama. Ndikadina achimwene, achimwene. Ndinadzimva kukoma, ndisaname.

Ndinaika apuyo mufoni yakale imene achimwene anatumiza, n'kuwapatsa Ama Lamulungu masana titachoka ku tchalitchi. Anaigwira choimika monga amagwirira foni aliyense. Ndinawatenga chala n'kuchiika pa nkhope yawo, ndipo anadzimva okha akuimba nyimbo ya m'buku imene ndinawajambula akusenda chinangwa. Anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anakhudza azakhali, azakhali n'kupereka moni. Kenako anayang'anitsitsa mnyamata wa zoyera uja, n'kumukhudza pamphumi.

Anayankhula alamu.

Ama anachotsa chala ngati akhudza mbaula. "Ha! Mkazi ameneyu! Ndi pa chithunzi pomwe akumuyankhira mwamuna wake?"

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinalanda foni n'kudina ndekha, ndipo alamu anayambanso ulaliki wawo. Ndinadina nkhope yanga pa mkeka paja, n'kumva azakhali. Zonse za pakati zinali bwino, koma za kumwamba ndi kumunsi zinali zitasokonekera.

Ndinazindikira vuto lake mawa lake ndili ku ntchito. Chithunzi chathu ndi chopingasa, foni ndi yoimika. Kuti anthu onse aoneke, apu inachepetsa chithunzi mpaka m'lifupi mwake munakwana m'lifupi mwa foni, ndipo pamwamba ndi pansi panatsala malo akuda opanda kanthu. Bokosi limene ndinakonzera chithunzi linali lalitali ngati foni yonse, koma chithunzi chenichenicho chinangokhala kachigawo ka pakati. Tsono timabwalo tanga tija tinkayezedwa pa bokosi lonse, osati pa chithunzi chimene maso akuona. Tinatambasuka. Kabwalo ka alamu kanakwera n'kukakhala pa nkhope ya achimwene, ndipo ka achimwene kanakwera kupitirira chithunzi n'kukagwera pakuda paja. Kanga ndi ta ana tinatsika n'kugwera pakuda pa pansi.

Kudziwa vuto ndi kwina, kulikonza ndi kwina. Ndinkafunika kudziwa kuti chithunzi chikachepetsedwa chimatsala chachikulu bwanji pa sikirini, ndipo chimayambira pati. Chinthu chophweka chomwechi! Ndinafunsa apu kutalika kwa chithunzi, inandipatsa kutalika kwa bokosi. Ndinaifunsa mwa njira ina, inandipatsa kukula kwa chithunzi mmene chinatulukira mu kamera, manambala aakuluakulu osakwana n'komwe pafoni. Msinkhu wa chimene Ama ankachiona ndi maso awo, umenewo inakana kundiuza. Ndinkaitukwana chamumtima alendo ali patsogolo panga, ine ndikumwetulira.

Ndinafunsa pa intaneti, kumene anthu opanga mapulogalamu amathandizana. Wina anayankha kuti ndi zosavuta, n'kuika mizere ya chinenero china chimene ine sindigwiritsa ntchito. Wina anati funso limeneli linafunsidwa kale, ndifufuze. Fufuzani ndinu, bambo inu, muli ndi magetsi osazima! Ndinayesa kukakamiza chithunzi kuti chidzaze bokosi lonse, ndipo tonse tinatalika nkhope ngati mbuzi. Ndinayesa njira yodzaza mosapotoza, apu n'kudula m'mbali, azakhali n'kutsala phewa lokha. Ndinayesa kuti apu izikhala yopingasa nthawi zonse, koma Ama ankaimikabe foni n'kumadandaula kuti anthu onse agona chammbali, kodi adwala? Ndinabwezera mmene zinalili.

Kenako inafika miyezi yozizira, mwera ukuwomba, loji itadzaza azungu ndi anthu a ku Lilongwe. Ndinkachoka m'mawa, n'kubwera miyendo itatupa. Za apu ndinaziika pambali. Foni inatsala ndi Ama, ndipo ndinkaganiza kuti angoiiwala pawindo monga ankaiwalira china chilichonse.

Tsiku lina ndikufika, azakhali anandikodola ndisanalowe m'nyumba.

"Iwe, bwera udzaone amako."

Ama anali pakhonde, foni ili pamiyendo. Anaika chala chachikulu pamwamba pa chithunzi, pakuda penipeni, cha kumanja pang'ono. Achimwene anayankhula. "Ama, ndini mwana winu. Nde umampha."

"Yewu, mwana wangu," anatero Ama, kuthokoza m'Chitonga, n'kutchula dzina lawo. Dzina lonse, ndi lija la paubwana limene ngakhale ine ndinali nditaliiwala. Kenako anayamba kuwauza nkhani. Anati nyanja yakwiya masiku ano, amuna sakupita ku usipa. Anati mbuzi ya azakhali yadya chigwada chawo ndipo mwini wake sanapepese. Azakhali anati, "Bodza limenelo," Ama n'kuwauza kuti akhale chete, akuyankhula ndi mwana.

Anapapeza okha, pofufuzafufuza ndi chala. Ndinawafunsa kuti, "Ama, bwanji achimwene akuyankhulira pakuda, osati pa nkhope yawo?"

Anandiyang'ana ngati ndine wopusa. "Ali mumgodi. Ukufuna aoneke bwanji? Awiso ankanena, pansi paja ngakhale dzanja lako suliona."

Awisowo ndi Ada, amene anagwirako ntchito ku migodi ali mnyamata, ndipo ankakonda kusimba za mdima wa kumeneko. Achimwene sanaponde mumgodi chibadwire. Amasamalira maluwa pa nyumba ya anthu olemera, dzuwa lili phwee. Koma kwa Ama, mwamuna wa ku Joni ndi wa pansi pa nthaka, ndipo foni inali itagwirizana nawo. Ndinafuna kuwafotokozera, azakhali n'kunditsina.

Miyezi imeneyo inali yabwino, ndivomereze. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, Ama ankakhudza pakuda paja n'kupereka moni. Masana ankakhudzanso kuti afunse ngati mwana wadya. Pa galasi panatsala chidindo cha chala chawo, cha mafuta a nsomba ndi ufa, ndipo ndikafuna kupukuta ankandimenya dzanja. Mayina ena onse ankapita, la achimwene linakhala. Pakuda pa pansi, pamene panagwera mawu anga, sanakhudzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira, kuwachapira, koma moni wa m'mawa unali wa munthu wa maluwa uja. Zinkandiwawa, koma ndinkati bola akumudziwa.

Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndipo chifukwa chake ndichinena poyera. Pa basi ya mu Disembala sipadzatsika mdima. Padzatsika munthu wa nkhope, wa mphuno ndi makutu. Ama akakhudza nkhope imeneyo pa chithunzi ankamva alamu, moti anali atayamba kunena kuti mnyamata wa zoyerayo ndi wachibale wa mkazi uja. Ndinaona kuti mawu ndi nkhope zikupatukana m'mutu mwawo, ndipo ndinafuna kuzilumikiza nthawi isanathe.

Azakhali anakana. "Chisiye, mwana iwe. Chinthu chikugwira ntchito."

"Sichikugwira, azakhali. Chalakwika."

"Chalakwika kwa ndani? Amako akudya, akuseka. Iwe ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna adzawadziwe achimwene akabwera."

"Iwe ndi sukulu yakoyo," anatero, n'kunyamula beseni lawo.

Yankho ndinalipeza kutayamba kutentha, alendo atachepa. Sindinalipeze pa intaneti ayi. Ndinatopa ndi kufunsa apu, ndipo ndinati ndiwerengere ndekha. Ndinajambula bokosi loimika kuseri kwa pepala, n'kujambula chithunzi chopingasa m'kati mwake, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Apu sichepetsa mwachisawawa. Imachepetsa m'lifupi ndi m'litali ndi muyeso umodzi, kuti anthu asapotoke. Ndiye ukatenga m'lifupi mwa bokosi n'kugawa ndi m'lifupi mwa chithunzi choyambirira, ukupeza muyeso wina. Ukatero ndi m'litali, ukupeza winanso. Wochepa pa iwiriyo ndi umene apu yagwiritsa ntchito, chifukwa ndi wokhawo umene ungalowetse chithunzi chonse. Uchulukitse muyeso umenewo ndi kukula kwa chithunzi choyambirira, ndipo wapeza msinkhu wa chimene chikuoneka. Chotsala pa bokosi uchigawe pawiri, theka pamwamba, theka pansi, ndiwo malo akuda aja.

Basi. Masamu a pulayimale. Manambala awiri amene apu inkandipatsa aja, amene ndinkawatukwana, ndi omwewo ndinkafunika, kungoti ndiwaphatikize. Ndinabwereka rula ku ofesi n'kuyeza pa galasi la foni yanga, ndipo zinagwirizana ndendende. Ndinavina pa risepushoni, mnzanga wa ku Mulanje n'kunena kuti chibwenzi chija chabwerera.

Ndinasintha apu mufoni ya Ama madzulo ena iwo ali ndi azakhali ku chithaphwi kumene timanyika chinangwa. Ndinayesa nkhope zonse. Aliyense anayankhula pa nkhope yake, ngakhale ine pa mkeka paja. Pakuda panali zii, pamwamba ndi pansi pomwe, monga mmene payenera kukhalira. Ndinaibwezera pawindo, chidindo cha chala chija osachipukuta.

M'mawa mwake ndinachedwa dala kunyamuka kuti ndione. Ama anatuluka, anakhala pakhonde, anaika chala pamalo pawo. Palibe chinamveka. Anakhudzanso. Anapukuta chala pa chitenje n'kukhudzanso mwamphamvu, mpaka chikhadabo chinayera. Anaika foni kukhutu. Anaitana dzina lija la paubwana, motsitsa, ngati akudzutsa mwana.

Ndinathamanga n'kugwada pambali pawo. "Ama, taonani, asamuka. Ali apa tsopano." Ndinawatenga chala n'kuchiika pa nkhope ya mnyamata wa zoyera. Achimwene anayankhula bwinobwino, mawu omwe aja, galimoto zomwe zija.

Ama anapukusa mutu. "Ichi ndi chithunzi. Ndi za kale izi, za tsiku la malipenga. Ine ndikufuna wa mumgodi." Anabwezera chala pakuda, n'kudikira. Kenako anandiyang'ana, ndipo maso awo anali owala bwino kuposa masiku onse a chaka chimenecho. "Wagwa mgodi," anatero.

"Ayi Ama, ndine ndasintha, ndi foni chabe..."

Sanandimve. Anaika manja kumutu n'kuyamba kulira maliro. Osati kulira kwa wodwala kuja ndinakuzolowera, koma kulira kwenikweni kwa kwathu, kotchula dzina, kofunsa kuti wandisiyira yani. Mawu anamveka mpaka kunyanja. Azakhali anatulukira chitenje chili m'manja. Amayi oyandikana nafe anabwera akuthamanga, ena atayamba kale kulira asanafunse kuti wamwalira ndani. Mkulu wa mpingo anafika pa njinga. Ine ndinaima pakati pa bwalo, nditavala yunifolomu ya pa loji, ndikufotokozera khamu la anthu kuti palibe wamwalira, kungoti chithunzi chimachepa chikalowa mufoni. Mayi wina anandifunsa kuti, "Ndiye wafa kapena sanafe?" Ndinati sanafe. Anati, "Nanga amako amva kwa ndani?"

Ndinakwera kabaza, ndinafika ku ntchito, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditaika kabwalo kena pakuda paja, pamalo penipeni pa chidindo, kuti achimwene aziyankhula ponse pawiri. Tsopano popeza ndinkadziwa poyambira chithunzi ndi pothera pake, sizinanditengere nthawi. Ndinabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Ama, abwerera. Takhudzani."

Anabisa manja m'khwapa. Ndinakhudza ndekha, achimwene n'kuyankhula kuchokera pakuda monga kale. Ama anatseka makutu.

"Usamuvutitse. Muleke agone."

Ndinayesa mawa lake, ndi mkuja wake, ndi sabata yotsatira. Azakhali anayesa. Mkulu wa mpingo anayesa, n'kupemphera. Munthu amene ankaiwala ngati wadya, amene ankaiwala kuti chimbudzi chili mbali iti, ichi chokha sanaiwale. M'mawa uliwonse ankadzuka akudziwa kuti mwana wawo anafera mumgodi. Tsiku lina ndili ku ntchito anapeza lezala n'kudzimeta okha, n'kudzicheka pamwamba pa khutu, chifukwa anati abale onse akana kumeta maliro a mwana wawo. Foni anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'thumba la jekete la malemu Ada, m'sutikesi ya pansi pa bedi. Anasiya kudya nsomba. Anasiya kukhala pakhonde.

Ndinawaimbira achimwene kuti ayankhule nawo pa vidiyo, Ama awaone akuphethira. Ama anayang'ana bambo wonenepa wa ndevu za imvi, n'kundifunsa kuti ameneyu akugulitsa chiyani. Achimwene anafuula, "Ama, ndine! Ndili moyo!" Ama anatembenukira kukhoma.

Nditatuluka panja, achimwene anandiwira. "Wandipha iwe! Ndi zidole zako za pafonizo wandipha ndili moyo!"

Nanenso ndinakweza mawu. "Ndakuphani ine? Zaka zonsezi munali kuti? Amene ndimawasambitsa ndani? Inu mawu a mphindi imodzi ndinachita kukupemphani ngati ndikupempha ng'ombe! Mukanabwera kale, bwenzi pali chithunzi?"

Anadula foni. Sitinayankhulane mpaka mvula itagwa.

Anthu ena pano amati ndinalakwa, ndipo azakhali sanena koma amapumira m'mwamba ndikamadutsa. Ine sindivomera. Masamu anga anali olondola, ndipo chifukwa changa chinali cholondola. Ndikanasiya, Ama akanadikira munthu wopanda nkhope, ndipo wa nkhopeyo akanafika n'kukhala mlendo chimodzimodzi. Ndimadziuza choncho. Masiku ena ndimakhulupirira, masiku ena ndimangokhala pa risepushoni n'kumayang'ana foni za alendo, mmene zithunzi zawo zimasiyira malo akuda pamwamba ndi pansi, iwo osaona n'komwe.

Achimwene anabweradi mu Disembala. Anatsika pa Chintheche ndi zikwama zamizeremizere, n'kuchita hayala galimoto yowafikitsa pakhomo. Kunali kutagwa mvula m'mawa, bwalo lili matope. Ndinali nditawasambitsa Ama, kuwaveka diresi yabwino ndi duku lobisa tsitsi limene linali litangoyamba kumera. Ndinawauza kuti kukubwera mlendo. Sindinanene zambiri, chifukwa ndinali ndikuyembekezabe, mopusa, kuti akamva fungo lawo, akaona kayendedwe kawo, china chake chidzatseguka.

Achimwene anavula chipewa, n'kunjuta patsogolo pa mpando wa Ama, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Ndinali nditawachenjeza panjira kuti akangoyamba mayeso awo aja ndiwathira madzi. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Ama."

Kwathu kuno mwamuna aliyense amaitana mayi wachikulire choncho, monganso mayi amaitana mwamuna aliyense kuti ada, ndiye Ama sanadabwe. Anawapatsa dzanja mwaulemu, lina litagwira pachigongono, n'kuwafunsa za ulendo. Achimwene anati ayenda bwino, achokera ku Joni.

"Ku Joni?" Ama anaweramira kutsogolo. "Ndiye mwabwera kudzapepesa. Yewu, ada, yewu chomene. Anzake ena onse sanabwere. Munkamudziwa mwana wanga?"

Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana matope. Azakhali anali ataima pakhomo la khitchini, chitenje chili kukamwa.

"Ee, Ama," anatero achimwene. "Ndinkamudziwa."

"Anali mwana wabwino. Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse." Ama anasisita dzanja la achimwene ndi chala chachikulu chija. "Ndiuzeni zoona, ada. Kumene anali kuja, kunali mdima kwambiri?"

Achimwene anapukusa mutu. "Ayi, Ama. Kunali nyali."

"Yewu," anatero Ama, n'kusiya dzanjalo. "Ndinkaopa."

Kenako anatembenukira kwa ine, n'kundiitana dzina la mng'ono wawo uja. "Iwe, wangoima? Apatse madzi alendowa, achokera kutali."